Msilikali wa Khungu Lachikasu

Ndinayamba ndi kuphwanya m'thupi Lolemba m'mawa, patatha milungu iwiri chibwerereni ku maliro a mayi anga ku Dowa. Ndinati ndi kutopa kwa ulendo. Lachiwiri mutu unayamba kuwawa kuseri kwa maso. Ndinamwa mapiritsi awiri n'kupita ku ntchito.

Kuno kunja kwa Malawi kumene ndimakhala, ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Lachinayi masana ndinali m'dera la Canning Vale kwa Mayi Noreen, mzungu wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu amene nzeru zinayamba kuwathawa. Pakhoma pawo pali chithunzi chakale chopanda mtundu, cha anyamata atatu a mimba imodzi atavala yunifolomu. Mwana wa Mayi Noreen, a Graham, anandifotokozerapo kuti onse atatu anapita kunkhondo. Wamkulu anamira ndi sitima, wotsiriza anafera m'ndende ya adani, ndipo mitembo yawo sinaoneke. Anabwerera wapakati yekha, Walter, bambo a Mayi Noreen, amene ankanyamula ovulala pamachira m'nkhalango za New Guinea. Anafika kwawo n'kupeza mwana wake wamwamuna, wobadwa iye ali kunkhondo, ataikidwa kale m'manda.

Tsikulo kunja kunatentha kwambiri, koma ndikutsuka makapu ndinayamba kunjenjemera mpaka mano kugundana. Mayi Noreen, amene ankatha sabata osalankhula zomveka, anadzuka n'kukatenga bulangete lotuwa lonunkha nkhungu. Anandifunditsa, nandigwira pamphumi.

"Bambo, zayambiranso," anatero. "Gonani. Amayi apita kukaitana dokotala."

Sankayang'ana ine. Maso awo anali pamwamba pa phewa langa, pomwe panalibe munthu.

Ndinaimbira foni a Graham. Nditawauza mawu a mayi awowo, anati agogo awo, a Walter, anabwera kunkhondo ndi malungo amene ankawabwerera kwa zaka zambiri. Ndinachita manyazi. Ine wokulira ku Dowa, malungo sindinawaganizire n'komwe, poti ndinali nditakhala zaka zisanu ndi ziwiri osadwala.

A Graham ananditengera kuchipatala. Pa desiki yoyamba ndinangoti ndatentha thupi, ndipo anandiuza kuti ndidikire. Ndinadikira maola atatu, ndikusanza m'kathumba. Namwino wachiwiri ndiye anafunsa ngati ndinayendapo kunja kwa dziko. Nditatchula Malawi, zonse zinafulumira. Anatenga magazi, anandiika diripi, ndipo dokotala anati, "Tizilombo tachuluka. Impso zayamba kufooka."

Ndinagona masiku asanu ndi limodzi. Maola anayi alionse ankandiyeza kutentha, m'mawa uliwonse ankatenga magazi. Mkodzo unali wakuda ngati tiyi wopanda mkaka.

Tsiku lachiwiri, dzuwa likuwala pawindo, ndinaona munthu atakhala pa mpando wa alendo. Anali mnyamata wowonda, chipewa chopindika mbali imodzi chili pabondo, malaya atanyowa, matope mpaka m'mawondo. Nkhope ndi manja zinali zachikasu ngati mkati mwa dzungu. Ankanjenjemera pamodzi ndi ine. Namwino atalowa ndi chakudya anaika thireyi pa mpando womwewo. Mawa lake mnyamatayo anabweranso, ndipo nditayamba kupeza bwino sindinamuonenso.

Dokotala anati malungo aakulu amaonetsa zinthu, ndipo ndikuvomereza. Nkhopeyo inali ya Walter, ndipo ndinali nditaipukuta fumbi kangapo pa chithunzi chopanda mtundu chija. Koma nditawafotokozera a Graham, anandifunsa kawiri za khungulo. Anati mapiritsi oteteza malungo amene asilikali ankamwa kunkhalangoko ankasandutsa khungu lachikasu, moti Mayi Noreen ali mwana anathawa bambo awo pa siteshoni ya sitima, osawazindikira. Zimenezi sanandiuzepo, ndipo ine sindinazimvepo kwina.

Mphamvu zinabwerera pang'onopang'ono. Mwezi wathunthu masitepe ankandipumitsa pakati. Tsopano impso zili bwino, magazi anabwerera mwakale, ndipo ndikugwira ntchito masiku anayi pa sabata. Mayi Noreen anawasamutsira ku nyumba ya okalamba ndili m'chipatala. Ndinakawaona kamodzi, koma sanandidziwe.

Abale amene mumapita kumudzi, thupi limaiwala malungo mukakhalitsa kuno. Imwani mankhwala oteteza. Mukatentha thupi mutabwerera, musayembekeze kuti muone ngati kucha bwino. Pitani tsiku lomwelo, ndipo pa desiki yoyamba penipeni, asanakufunseni, nenani kuti mwachokera ku Malawi.