Kachipewa kachitsulo kumapeto kwa chingwe

Inu amene mwatsala pang'ono kutseka ntchito yanu, imvani za mayi wina wotayipa makalata.

Mwamuna wake anamwalira mu Febuluwale. Mwezi usanathe, mlamu wake, mkulu wa malemuyo, anafika kukashopu kawo ndi galimoto n'kuzula kompyuta yakumapeto kwa mzere.

"Iyi ndi ya mng'ono wanga, mlamu. Atatuwa akukwanirani, manja muli nawo awiri okha."

Kuyambira tsikulo makompyuta otsalawo anasiya kuonana. Awiri akale ankalumikizana ndi chingwe chakuda chonga cha mlongoti wa TV. Yatsopano inali ndi chingwe chabuluu cha kamutu kapulasitiki. Zingwe ziwirizi zinkakumana m'kabokosi pansi pa tebulo. Mayeso a sukulu ina, amene mayiyo anali atatayipa kale, anali m'kompyuta yatsopano. Pulinta inali pa yakale, ndipo yakaleyo sinkalandira fulashi.

Ahedi anati akapanda kulandira mapepala Lolemba, ntchitoyo apatsa wina. Sukulu imeneyo ndiyo inkadyetsa ana ake.

Wokonza makompyuta anasuzumira pansi pa tebulo n'kuseka. "Mayi, zingwe izi zinapita ndi malemu. Tayani, mugule zatsopano."

Mayiyo zingwe sankazidziwa, inali ntchito ya mwamuna wake. Komabe anagwada m'fumbi, n'kumalondola chingwe chakudacho ndi zala. Kumene chinayambira kunali kachipewa kachitsulo kotseka nsonga. Kumene chinathera, pamene panazulidwa kompyuta, kunali pululu.

Loweruka anapita kwa mlamu wake. Kompyuta ija inali pabalaza, yofunditsidwa nsalu, pamwamba pali maluwa apulasitiki. Kachipewa kachiwiri, kamene kankasowa kaja, kankaonekera kumbuyo kwake.

"Alamu, ndingopempha kachitsulo ako."

"Mwayamba kulondola katundu? Lero kachitsulo, mawa kompyuta, mkuja nyumba. Maliro ake sanazizire n'komwe."

Anatuluka chimanjamanja, osapatsidwa ngakhale madzi.

Analowera kwa ogulitsa zida zakutha, atanyamula kachipewa kotsalako kuti azifanizira. Anafukula milu ya mawaya mpaka zala kutuluka magazi. Dzuwa likupendeka anakapeza, kadzimbiri, m'chitini cha mabawuti.

"Kameneko tengani, mayi," anatero wogulitsayo. "Ndimati n'kotsekera mpweya wa tayala."

Anakapala ndi waya wotsukira mapoto, n'kutseka nsonga zonse ziwiri. Kagetsi ka pa kabokosi kanaphethira. Pulinta inakhosomola, kenako inayamba kulavula mapepala. Mayiyo sanalulutire. Anangokhala pansi pomwepo n'kulira, chifukwa amene akanamuyamikira anali kumanda.

Lolemba ahedi analandira mayeso awo.

Zitatero mayiyo anayamba kuphunzira: kusenda chingwe chabuluu, kusanja timawaya take potsata mitundu, kufinya kamutu ndi pulayala. Timitu tambiri anationonga. Chaka chotsatira, maofesi ang'onoang'ono okhala ndi zingwe zakale ndi zatsopano zosakanikirana ankaitana iyeyo. Anamupatsa dzina loti Mayi Mawaya.

Mlamu uja anabwera mu Novembala, kompyuta ili paphewa.

"Mlamu wanga, inu ndi ife ndi amodzi. Yakana kuyaka."

Mayiyo anaitembenuza, anamasula kachipewa kaja, n'kukaika m'thumba la epuloni.

"Chamoyo chinali chokhachi, alamu. Zotsalazo kaikeniponi maluwa."

Sanapepesedwe mpaka lero. Inunso mwina simudzapepesedwa. Amene anakulandani akugona tulo tabwino. Musawadikire. Gwadani, londolani chingwe chanu mpaka pamene chinadukira. Osataya mtima.