Ndinayesa Magazi Penti wa Kumabuleki

Amene andiumiriza kuti ndifotokoze nkhaniyi ndi amayi busa a kumpingo kwathu, ati ndikapitiriza kumangoitafuna ndekha idzandikwezera bipi. Ndiye ndavomera, koma dzina la munthu sinditchula, ngakhale langa. Ndipo musati ndi nthano ayi, izi zinachitika pakhomo panga penipeni, dzuwa likuswa mtengo, ndipo amene analipo ambiri akadali moyo, ena timagulira limodzi tomato pa Migowi.

Malemu amuna anga anandisiyira kanyumba kamalata kuseri kwa nyumba yanga, ndipo ndinkachititsa lendi. Chaka chimenecho munkakhala bambo wina wachinyamata wa m'boma lina lakumtunda uko, ankagwira ntchito m'maofesi pa Boma, ndi mkazi wake ndi kamwana kawo kakakazi kongoyamba kuyenda. Anthu aulemu, sankadutsa osandipatsa moni, ndipo kamwanako kankakonda kudzandisokoneza ndikamasola nandolo. Bamboyo anali ndi kagalimoto koyera, kogula kakalekale, koma mmene ankakasamalira, inu! Loweruka lililonse kutsuka, kupukuta, kusuzumira kunsi, moti ndinkamuseka kuti mkazi wamkulu ndi galimotoyo, wam'nyumbayo ndi wachiwiri.

Tsono inali nthawi ija mphekesera za anamapopa zinali pakamwa pa aliyense kuno kwathu. Amene munalipo mukukumbuka, mlendo aliyense tinkamuyang'ana ndi diso lina. Ankati anthuwo amayamba apopera mankhwala onunkha kuti ufooke, kenako amakulowetsa kapaipi, magazi n'kumapita m'botolo, n'kuthawa pagalimoto. Ine sindinaonepo, komanso palibe amene anandiuza kuti waona ndi maso ake, nthawi zonse ankati wamva kwa mlamu wa uje. Koma mantha safuna umboni, ndinkagona ndi mpini pafupi.

Ndinapita kumaliro a msuweni wanga ku Kaduya, ndipo mukudziwa maliro akwathu, kuphika, kuimba, kugona pansi, ndinabwera Lamlungu m'mawa thupi lonse lili lende. Nditangolowa pampanda ndinamva kafungo kachilendo kolasa m'mphuno, mutu n'kuyamba kuwawa. Lero ndikudziwa kuti mutuwo unali wa tulo ndi njala, koma tsiku limenelo mtima unangoti phaa, si mankhwala aja amenewa? Ndinapita kudzenje kukataya zinyalala, ndiye ndikuona chiyani? Magolovesi ngati a kuchipatala ali psuu kufiira, kansalu kotseka pakamwa, manyuzipepala a madontho ofiira, ndi kapaipi kowonekera mkati kali m'kabotolo ka madzi akuda. Pobwerera ndinayang'ana galimoto ija, ndipo mkati mwa matayala, kuseri kwa malimu, zitsulo zija zogwira tayala, munali zinthu zofiira ngati chiwindi cha mbuzi yongophedwa kumene, pansi pali timadontho.

Apa ndi pamene pamandichititsa manyazi. Khomo la anthuwo linali pompo, ndikumva mayi wa mwana akukazinga mazira, wailesi ikuimba nyimbo za kutchalitchi. Chinandiletsa kugogoda n'chiyani? Ndinanyamula ndowa, madzi ali tho m'nyumba, n'kupita kumjigo. Kumeneko ndinangouza mayi mmodzi yekha, mnzanga wa kumvano, monong'ona, n'kumuuza kuti asauze munthu. Kodi mawu amenewo anagwirapo ntchito chiyambire dziko?

Anthu asanatuluke n'komwe m'matchalitchi, pakhomo panga panali ngati tsiku la msika. Anyamata a kabaza, azimayi ndi ana kumbuyo, azibambo ndi zibonga, ena sindinawaonepo chibadwire. Nkhani inali itakula kale m'njira, ena akuti mwapezeka zigubu zodzaza magazi, ena akuti ine andipopa usiku ndipo ndagonekedwa kuchipatala, ine ndili chiimire pakati pawo! Wina anatola magolovesi aja ndi kamtengo n'kumaonetsa m'mwamba, anthu n'kukuwa.

Bambo uja anatuluka atavala malaya oyera a kutchalitchi, manja ali m'mwamba, m'dzanja muli kachitini. Ankayesa kufotokoza kuti ndi penti, kuti dzulo anamasula matayala n'kupenta zitsulo za mabuleki chifukwa dzimbiri linayamba kuzidya, koma Chichewa chake chakumtunda chija chinangowonjezera moto, ati mwamumva, si wakuno ameneyu. Mwala woyamba unaswa galasi la kutsogolo kwa galimoto. Wachiwiri unamupeza pakhutu, malaya oyera aja n'kufiira, ndipo anakwawira m'nyumba mkazi wake n'kukhoma chitseko. Kenako ndinaona mnyamata wina akutsitsa petulo panjinga yamoto kuthira m'chigubu, ena akuzula udzu pampanda wanga n'kumaunjika pakhomo pa kanyumbako. Mkatimo kamwana kankalira mpaka mawu kusasa.

Sindikudziwa chinandikankha, koma ndinagwada pa tayala lakutsogolo n'kulowetsa dzanja. Chinthucho chinali cholimba, chitsulo, ndipo chala changa chinamata nang'anang'a. Nditanunkhiza, fungo lake linali lomwe lija la zitseko za kutchalitchi tikamakonzekera Khirisimasi. Abale anga, ine ndapha nkhuku zosawerengeka, ndathandiza azimayi kuchira m'mudzi muno kusanabwere lamulo loti azipita kuchipatala, magazi ndimawadziwa. Magazi akagona amada, amanunkha chiwisi, ntchentche zimaunjikana. Apa panalibe ntchentche ngakhale imodzi, ndipo kufiira kwake kunali kowala ngati nsapato za mwana. Zonsezi ndinkazidziwa m'mawa muja, kungoti sindinafune kuyandikira.

Ndinaimirira n'kukuwa m'Chichewa, n'kubwereza m'Chilomwe, kuti ndi penti, ndanama ndine, bwerani mununkhize. Mukuganiza anamva? Ena ati agogowa awadyetsa ndalama, ena ati mankhwala aja awazunguza mutu, achotseni. Mnyamata wa chigubu uja anali atafika kale pakhonde, akufunsa amene ali ndi machesi.

Ndiye ndinachita chinthu chimene mayi wamsinkhu wanga sachita pokhapokha zitafika posauzana. Ndinakaima pachitseko paja, n'kuvula bulauzi, n'kutaya mpango, n'kugwira mfundo ya chitenje, n'kunena kuti amene akufuna kuyatsa ayambe waona umaliseche wa mayi amene anamulandira tsiku lobadwa, aone ngati adzaone mwayi pamoyo wake. Kwathu kuno ngakhale chidakwa chimadziwa kuti mayi wamkulu akakuvulira ndi tsoka losasambika. Anyamata aja anatembenuka kuyang'ana kumbali, azibambo anayamba kubwerera chambuyo, ndipo pakati pawo panali mkamwini wanga weniweni, mwamuna wa mwana wanga, amene mpaka lero tikakumana amayang'ana pansi, inenso pansi. Ndinaima choncho, mawere pamtunda, mpaka galimoto ya apolisi inafika, kaya anawaimbira ndani.

Bamboyo anamusoka kuchipatala, koma khutu limenelo silinamvenso bwino. Atatuluka anabwera ndi lole kudzatenga katundu, ati apempha kuti awasamutsire kwina. Ine ndinabisala m'nyumba, koma anagogoda mpaka ndinatuluka, iye n'kukhala pakhonde mwaulemu wake womwe uja, bandeji ili kumutu. Anandifotokozera bwinobwino ngati ndamufunsa, kuti chitsulo chija amati kalipa, ndi chimene chimafinya kuti tayala liime, ndipo matope a misewu yathu ino nthawi ya dzinja amachidyetsa dzimbiri mpaka chimagwira, ndiye anachipala ndi bulashi yawaya n'kupaka penti wosamva kutentha. Kapaipi kaja ati n'kochotsera mpweya m'mafuta a mabuleki ukamaliza kumanga. Wofiira ati anangomukonda, m'sitolo munalinso wakuda.

Kenako anandithokoza. Ati mayi, pakanapanda inu bwenzi tonse atatu tili phulusa, Mulungu akudalitseni. Mkazi wake anali chiimire pafupi ndi lole, mwana kumbuyo, akundiyang'ana osaphethira, ndipo ndinadziwa kuti iyeyo anamva kale amene anayambitsa. Ndinangoti zikomo, muyende bwino. Tangoganizani, ndinalandira zikomo ameneyo ngati wanga!

Za anamapopa musandifunse, kaya aliko kaya kulibe, ine amene ndinawaona ndi maso anga akufuna kukhetsa magazi a munthu pakhomo panga anali ife tomwe, anthu opemphera, ndipo woyamba ndinali ine ndi ndowa yanga. Masiku ano ndimaona magalimoto ambiri pa Migowi ali ndi zofiira, zachikasu, zabuluu kumatayala, anyamata ati ndi sitayilo, ndipo ndikaona ndimangowoloka msewu. Chimene ndikukuuzani n'chakuti mukaona chinthu chimene simukuchidziwa pakhomo pa mnzanu, gogodani mufunse mwini wake, musapite nacho kumjigo, chifukwa chikachoka pakamwa panu simungachithamangire n'kuchigwira.

Mukawerenga mupatsireko ena, muwawerengere ndi amene sadziwa kuwerenga, mutumizenso m'mafoni mwanumo ipite kutali. Mwina idzafika kwa bambo wina wosamva khutu limodzi amene anakhalako ku Phalombe. Ameneyo mumuuze, ndipo muyankhulire mbali imene amamva, kuti mayi uja amene iye anamuthokoza pakhonde ndi yemweyo anaitana anthu, ndipo akuti pepani.