Mapaipi a Mtima wa a Dobrivoje

A Dobrivoje Stanojlović anagwira ntchito ya upulambala m'tauni ya Mionica zaka makumi anayi ndi chimodzi. Madzi a kwathu kuno amatuluka m'miyala ya laimu, choncho giza aliyense akatha zaka zitatu amayamba kulira ngati m'mimba mwa munthu wanjala. Zikatero anthu ankatumiza mawu kwa a Dobrivoje. Iwo ankafika ndi chikwama chawo chachikopa, n'kumasula chitsulo chotenthetsera madzi, n'kuchionetsa kwa mwini nyumba chitakutidwa ndi nkhanambo zoyera, zolimba gwa. "Ichi ndiye chimene mumamwa," ankatero. Akatha ntchito ankalandira khofi ndi katambula ka kachasu wa mapulamu, poti kukana ndi mwano, ndipo pa tsiku ankalowa nyumba zisanu kapena kuposa. Fodya anayamba kusuta ali ku usilikali.

Anapuma pa ntchito ali ndi zaka 65. Chaka chotsatira, mu Okutobala, akukwera kamtunda kopita ku tchalitchi, anamva chifuwa chikuthina ngati wina wawamanga lamba. Anaima n'kuwerama ngati akumanga zingwe za nsapato. Akazi awo, a Ljubinka, anayang'ana pansi n'kuona kuti nsapatozo zinalibe zingwe. Sabata lomwelo anawakokera ku chipatala cha ku Valjevo.

Atawajambula m'chifuwa ndi makina, dokotala wamkazi, wamng'ono msinkhu kuposa mwana wawo, anatembenuzira kompyuta kwa iwo.

"Zoyerazi mukuziona, bambo? Ndi laimu amene waunjikana m'makoma a mitsempha yodyetsa mtima. Timamuyeza ndi nambala. Kwa munthu wopanda vutoli imakhala ziro. Ikadutsa 400 timati yakwera kwambiri. Yanu ndi 1,260."

A Dobrivoje anavala magalasi n'kusendera pafupi. Zimene anaonazo sizinali zachilendo m'maso mwawo.

"Mwana wanga, paipi ikafika apa ine ndimadula n'kuika ina."

"Mwina tsiku lina tidzafika pamenepo. Panopa mapilitsi awa tsiku lililonse. Fodya basi. Mafuta a nkhumba basi. Muziyenda pang'onopang'ono, ndipo chifuwa chikathina muzipopera mankhwala awa pansi pa lilime."

"Nanga laimuyo achoka liti?"

"Sachoka. Timangoyesetsa kuti mtsempha usatsekeke."

"Ndiye ndatsala ndi zaka zingati?"

"Makina onena zimenezo tilibe."

Mawu akuti sachokawo a Dobrivoje sanawakhulupirire. Zaka makumi anayi ndi chimodzi laimu ankachoka m'manja mwawo, ndipo chomuchotsera ankachidziwa. M'mawa uliwonse asanadye kanthu ankalowa m'kanyumba kawo kosungiramo zida, n'kumwa theka la tambula ya viniga, n'kukhala pa benchi kudikira kuti agwire ntchito. Anachita zimenezi masabata atatu, m'mimba mukuwotcha ngati mwagwa khala, mpaka tsiku limene a Ljubinka ankafuna kuviika tsabola ndi minkhaka ya m'nyengo yozizira n'kupeza chigubu chili pakati.

"Dobri, viniga wanga wapita kuti?"

"Wauma."

"Wauma chivindikiro chili chotseka? Tandiyang'anani. Ambuye Mulungu wanga, kodi mwasanduka ketulo inu?"

Nkhaniyi inawapeza a Živorad, kumu wawo, ndiye kuti munthu amene anawaimira pa ukwati ndi kunyamula mwana wawo pa ubatizo. Anabwera dala kudzaseka.

"Kume, inu mukadzafa sitidzavutika n'kukumba. Tidzakuikani m'botolo pamodzi ndi minkhaka, mudzakhala mpaka Pasaka musanawonongeke."

"Sekani, kume. Giza wanu ndinamusiya akudontha dala."

A Dobrivoje nawo anaseka, koma kuyambira tsiku limenelo anasiya kufunafuna njira. Mapilitsi ankamwa. Fodya anasiya, ngakhale zala zinkapitabe zokha m'thumba la malaya. Ankayenda m'mbali mwa mtsinje wa Ribnica kukafika pa mlatho n'kubwerera, akumvetsera m'chifuwa mwawo monga ankamvetsera khoma la nyumba pofufuza pamene paipi yaphulika. Masiku ena simunkamveka kanthu, ndipo masiku amenewo ndiwo ankawaopa kwambiri, chifukwa ankadziwa kuti paipi yodzadza laimu imatulutsa madzi bwinobwino mpaka m'mawa umene imangoti zii. Anakalapa machimo awo kwa wansembe, chinthu chimene anali asanachite chikwatirire. Zida zawo anazipukuta n'kuzipaka mafuta. Chinatsala chimodzi chokha: slava, phwando la chaka ndi chaka lolemekeza woyera mtima woyang'anira banja.

Slava ya banja la a Stanojlović ndi ya Yohane Mbatizi, pa 20 Januwale. Imayenda kuchoka kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna, ndipo bambo akafuna kuipereka ali moyo amatero pamaso pa wansembe, mwana n'kulandira chigawo cha mkate wodalitsidwa ndi manja ake, kuti chaka chamawa akayatse kandulo m'nyumba mwake. Bambo awo a Dobrivoje ankaichita makatani atatseka m'zaka zimene chipani cholamula chinkadana nayo, koma sanadumphitse ngakhale chaka chimodzi. A Dobrivoje anali ndi mwana mmodzi, Predrag, woyendetsa malole ku Linz, m'dziko la Austria, wokwatira Gerlinde, mkazi wa komweko. Ankamudziwa bwino mwana wawo. Chimene walonjeza pamaso pa anthu amachisunga. Chimene sanalonjeze amachiika pambali mwaulemu mpaka chiiwalike. Choncho anakauza wansembe kuti chaka chino apereka slava, n'kuimbira Predrag foni kuti asalephere kubwera.

Predrag anabwera yekha, ati ana ali pa sukulu. M'mawa wa tsikulo, chipale chofewa chitadzaza pabwalo, a Ljubinka akukongoletsa mbale ya tirigu wophika, a Dobrivoje anamuitanira mwana wawo m'kanyumba ka zida n'kumupatsa pepala la ku chipatala.

"Amayi anandiuza kale, Tata. Ndinafunsa dokotala wa kwathu ku Linz. Akuti alipo anthu a nambala yoposa iyi amene amakhala zaka khumi."

"Alipo. Lero ulandira slava."

Predrag anapinda pepala lija mosamala, kanayi.

"Tata, nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri, pa nsanjika yachinayi. Lubani akangofuka, kachipangizo ka padenga kamalira, ozimitsa moto n'kubwera."

"Ukachotse batire."

"Pa 20 Januwale kumeneko ndi tsiku la ntchito. Adzabwera ndani? Gerlinde mkate uja sadziwa n'komwe kuti umaphikidwa bwanji."

"Amayi ako amuphunzitsa pa foni. Agogo ako ankaichita ndi alendo awiri ndi nsomba imodzi."

"Inu muli moyo, Tata. Mukufuna ndiilande kwa munthu wamoyo? Chaka chamawa tidzaona."

"Chaka chamawa ndani anakupatsa?"

Predrag anayang'ana zida zopachikidwa pakhoma. Anati kunja kukuzizira, amayi akufuna nkhuni, n'kutuluka.

Wansembe anafika cha m'ma teni koloko. Anafukiza nyumba, n'kudula mkate mopingasa, n'kuthirapo vinyo. Anthu a m'banja anauzunguza pa zala zawo akuimba, n'kuupsompsona. Kenako wansembe anatenga chigawo chimodzi m'manja n'kuyang'ana a Dobrivoje, kudikira. Predrag anali ataika manja onse kumbuyo. A Dobrivoje anapukusa mutu pang'ono chabe, ndipo wansembe, amene waona zambiri m'nyumba za anthu, anabwezera chigawocho pa mbale.

Mwini slava sakhala pansi kandulo ikuyaka; mlendo wamkulu ndi woyera mtimayo, ndipo pamaso pake munthu amaimirira n'kumatumikira. A Dobrivoje anaimirira tsiku lonse. Analandira alendo pakhomo, anathira kachasu, anazungulitsa nkhumba yowotcha imene iwo sanailawe. Kawiri konse anapita kuseri kwa chitseko cha kukhitchini kukapopera mankhwala pansi pa lilime.

"Khalani pansi, Dobri," a Ljubinka ananong'ona. "Yohane Woyera si wapolisi."

"Bambo anga anaimirira ndi mwendo umodzi."

"Mpatseni mwanayo botolo azithira."

"Ndi mlendo iyeyu. Msiyeni adye."

A Živorad anakweza tambula n'kufunira nyumbayo kuti idzachite slava zaka zambirimbiri, ana ndi zidzukulu. Onse anayankha kuti Mulungu apereke. Predrag nayenso anayankha, mokweza kuposa ena.

M'mawa mwake Predrag akusamba, a Dobrivoje anachita chinthu chimene iwo eni ankadziwa kuti si mmene zimayendera. Anatsitsa pakhoma chithunzi cha Yohane Mbatizi, chimene agogo awo anagula kwa amonke, chakuda ndi utsi wa zaka zana. Anachikulunga m'thaulo pamodzi ndi chigawo chija cha mkate, n'kuchilowetsa m'buti ya galimoto ya Predrag, pansi pa nyama yofutsa ndi mabotolo a tsabola amene a Ljubinka analongedza. Ankaganiza kuti chikangolowa m'nyumba ya ku Linz, munthu sangachisiye m'kabati. Potsanzikana anapsompsonana katatu m'masaya.

"Muzimwa mapilitsi, Tata."

"Uziyendetsa bwino."

A Ljubinka ataona khoma lili mbee, anadzilemba chizindikiro cha mtanda. Kwa masiku asanu ndi anayi ankayatsa kanyale ka mafuta patsogolo pa khoma lopanda kanthu. A Dobrivoje masiku amenewo anayenda mpaka kupitirira mlatho. Foni ikalira ankafika msanga kuposa akazi awo. Predrag anaimba kamodzi kunena kuti anafika bwino ndipo nyama ndi yokoma.

Tsiku lakhumi, dalaivala wa basi yochokera ku Austria, amene amanyamulira anthu a kwathu kuno timakatundu, anaimba kuti pali phukusi pa siteji. A Živorad anakalitenga pa galimoto yawo n'kuliika pa tebulo la kukhitchini.

"Lolemera ndithu, kume. Mwina mwana wakutumizirani mtima watsopano wa ku Ulaya."

Munali makina oyezera kuthamanga kwa magazi, atsopano m'bokosi lake. Munali mabotolo atatu a mapilitsi a mafuta a nsomba, ndi chokoleti cha amayi. Pansi penipeni panali thaulo lija, lomangidwa bwino ndi tepi m'makona monse kuti galasi lisasweke. Kapepala kanali ndi mizere iwiri: "Tata, ichi chinalowa m'katundu wanga. Chikhale pamalo pake, kuno chingawonongeke." Mkate munalibe, ndipo palibe anafunsa.

A Živorad anatsokomola n'kunena kuti asiya mbaula ikuyaka kunyumba.

A Dobrivoje anamatula tepi pang'onopang'ono, n'kupukuta galasi ndi mkono wa juzi. Anakokera mpando kukhoma n'kukwerapo. Atakweza manja kuti apeze msomali, lamba uja anawagwira m'chifuwa, n'kutsikira ku mkono wamanzere. Anaima choncho kanthawi, chithunzi chili m'mwamba, kenako anatsika n'kukhala pa mpando womwewo, akupapasa m'thumba kufuna mankhwala.

"Ndipatseni chithunzicho kuno," anatero a Ljubinka.

Anavula masilipasi, n'kukokera mpando wina, n'kuchipachika okha. Chinapendekeka pang'ono kumanzere.

"Chaongoka?" anafunsa.

"Chisiyeni choncho," anatero a Dobrivoje.