Ndinawerenga Nkhope pa Geti la Sukulu

Inu owerenga, ine ndinataya mwana wanga ali moyo, ndipo palibe amene anandilanda. Ndinamupereka ndekha ndi manja awiri, ndikumati ndikumukonzera tsogolo. Ndalemba izi kuti wina asadzapunthwe pamene ndinapunthwa ine.

Ndinabwera ku London kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Kuntchito komweko ndinadziwana ndi Martin, mzungu wofatsa amene ankabwera kudzakonza magetsi. Tinakwatirana, Mulungu n'kutipatsa mwana mmodzi wamkazi, Tamanda. Tinkakhala ku Lewisham, m'nyumba yosanja pafupi ndi msika. Tamanda anatenga khungu loyererako, koma tsitsi ndi langa ndithu, lothyola chipeso.

Atakwanitsa zaka zinayi tinayamba kuyendera masukulu aboma monga amachitira makolo kuno. Yoyamba inali ya kuseri kwa nyumba yathu. Bwalo lake laling'ono, phokoso losaneneka, ana amitundu yonse ali piringupiringu, akuda, oyera, ndi ena ngati Tamanda. Yachiwiri inali kunja kwa tawuni, cha ku Romford, pafupi ndi kwa apongozi anga, mayi ake a Martin. Kumeneko kunali kapinga wobiriwira, mitengo, ndi bata.

Apa ndiulule chimene sindinauzepo munthu. Sindinafunse mphunzitsi aliyense za kaphunzitsidwe. Ndinangoima pa geti n'kumawerenga nkhope zakuda. Ku Lewisham ndinatopa nako kuwerenga, koma ku Romford zala za dzanja limodzi zinatsalako. Mtima wanga unasankha pomwepo. Ndinakula ndikusuzumira pampanda wa sukulu zophunzira ana a azungu kwathu kuja, ndipo m'mutu mwanga munakhazikika zoti pamene pachuluka azungu ndi pamene pali maphunziro. Ine ndemwe, munthu wakuda, ndinathawitsa mwana wanga nkhope zofanana ndi yanga.

Chodabwitsa n'chakuti mzunguyo ndi amene anakana. Martin anati mwana wathu akufunika kumaona ana ofanana naye tsiku lililonse, ndiponso kumagona m'nyumba ya makolo ake. Ine pakamwa panga m'pakuthwa, ndivomere. Ndinamuuza kuti sindinawoloke nyanja kuti mwana wanga akaphunzire pamalo okhala ngati pa depoti ya mabasi. Tinakangana sabata zingapo mpaka anangovomera, ine n'kuyesa kuti ndapambana.

Vuto linali lakuti sukulu imatenga ana okhala pafupi nayo. Kwa ine limenelo silinali vuto. Inenso ndinaleredwa ndi azakhali anga ku Zomba chifukwa cha sukulu, ndipo kwathu zimenezi sizidabwitsa munthu. Apongozi, amene ankakhala okha chimwalirireni amuna awo, anavomera ndi msangala. Tinagwirizana kuti Tamanda azikhala kwa agogo ake Lolemba mpaka Lachisanu. Pafomu ndinalemba adilesi yawo. Poopa kuti wina angati tachita chinyengo, ndinamukhazika mwana pamiyendo panga n'kumuphunzitsa kuti akafunsidwa aziti amakhala ndi agogo, za ku Lewisham asamazitchule. Kamwana kanga kanagwedeza mutu, kanali komvera.

Mnzanga wa kutchalitchi, amake Dalitso a ku Chipata, anandikokera pambali tsiku lina. "Imwe amake Tamanda, kuno si ku village. Muzamusoba mwana uyu." Ndinaseka, mumtima n'kumati ndi nsanje, popeza Dalitso wawo ankaphunzira pasukulu ya phokoso ija. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma ine makutu ndinali nditatseka.

Zaka zoyamba ndinkanyada. Chingerezi cha Tamanda chinkamveka ngati cha pa wailesi, ndipo ndinkamujambula pafoni n'kumatumizira abale kumudzi. Zizindikiro zinalipo, koma ndinkazikankhira pambali. Loweruka ndinkamuluka tsitsi maola awiri, Lachisanu n'kubwera atalimasula lonse. Agogo ake tsitsi lotere linkawakanika, ndiye ankangolimanga ndi kalamba. Tsiku lina Tamanda anandiuza kuti anzake amaligwiragwira n'kumaseka, ndipo anapempha kuti tiliwongole. Ndinamuyankha kuti asawasamale, iye alimbikire sukulu. Tichichewa timene ankadziwa tinayamba kuthothoka. Ndikamupatsa moni ankangondiyang'ana.

Tamanda ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, apongozi anagwa m'bafa n'kuthyoka m'chiuno. Ndinayamba kupita ku Romford ndikaweruka, yunifolomu ya kuntchito ili m'thupi, kukawasambitsa ndi kuwaphikira. Nthawi zina ndinkawakankha panjinga ya odwala mpaka pageti la sukulu, kukatenga Tamanda. Azimayi a kumeneko ankawadziwa apongozi, ine ankangondimwetulira. Tsiku lina mmodzi anandifunsa mwaulemu kuti ndimagwira ntchito ku kampani iti, chifukwa mayi akenso ankafuna wowasamalira. Inu owerenga, apa ndi pamene ndinagwa. Ndinali wotopa, komanso mantha a adilesi aja anali asanandichoke. Ndinangoseka n'kutchula dzina la kuntchito kwanga. Tamanda anali ataima pomwepo, chikwama kumsana, akumva zonse.

Chaka chake chomaliza ku pulayimale kunali tsiku la masewera. Ndinapempha tchuthi, ndinavala diresi yanga yachitenje, n'kukazinga mandasi odzaza kontena kuti agawane ndi anzake. Tamanda anathamanga n'kupambana. Chimwemwe chinandipitirira, ndinaimba nthungululu bwalo lonse n'kucheuka. Ndinathamangira pamene anali ndi anzake, manja ali m'mwamba. Kamtsikana kena kanamufunsa kuti mayi ameneyu ndi ndani. Mwana wanga, amene ndinamubereka ndi mpeni patatha masiku awiri ndikuvutika, anayankha m'Chingerezi chake chokoma chija osandiyang'ana n'komwe: "Ndi amene amasamalira agogo anga."

Mandasi aja ndinabwerera nawo osatsegula.

Titafika kwa apongozi ndinamukalipira mpaka mawu kusasa. Iye sanalire. Anadikira kuti ndimalize, kenako anati: "Munati za ku Lewisham ndisamazitchule. Nanga inu mumakhala kuti? Tsiku lija mayi aja atakufunsani, inunso simunanene kuti ndinu mayi anga."

Nthawi yosankha sekondale itakwana ndinamuchonderera kuti abwerere kunyumba, aphunzire ku Lewisham. Anakanitsitsa, nati anzake onse ali ku Romford. Martin anati sitingamuzule kawiri. Mwamunayu sananenepo kuti ndinakuuza, ndipo kukhala chete kwakeko kumandipweteka kuposa kutukwanidwa. Panopa Tamanda ali ndi zaka khumi ndi zitatu. Tsitsi analiwongola. Amabwera Loweruka limodzi pamwezi, ndipo tikalowa mumsika amayenda patsogolo kapena pambuyo, osati pambali panga. Mumsika momwemo ndimakumana ndi Dalitso atanyamulira mayi ake jumbo, akukangana za mtengo wa nsomba, akuseka. Ndimawapatsa moni msangamsanga n'kupatukira kumene akugulitsa anyezi, kuti misozi ikhale ndi chifukwa.

Sindikunena kuti sukulu za kunja kwa tawuni n'zoipa. Aphunzitsi a Tamanda anagwira ntchito yawo, ndipo m'kalasi amakhoza bwino. Apongozi nawo alibe mlandu, anamukonda mdzukulu wawo mmene akanathera. Wolakwa ndine. Ndinaiwala kuti ine kwa azakhali ku Zomba ndinkadzuka pakati pa anthu ofanana nane, oyankhula chiyankhulo cha mayi anga. Mwana wanga ndinamuika pamalo pamene analibe womufanana, n'kumuuzanso kuti abise kumene akuchokera.

Ndiye inu amene muli pabanja ngati langa, mukamayendera masukulu, kapinga asakunamizeni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Funsani za maphunziro, koma dzifunseninso ngati mwana wanu adzapeze pabwalopo wina wa tsitsi ngati lake. Mnzanu wa m'banja akamatsutsa, mumvereni. Mwana wamng'ono agone m'nyumba mwanu, ngakhale sukulu ikhale ya phokoso. Musamuphunzitse kubisa kanthu kalikonse ka kwawo, chifukwa sadziwa polekezera. Ndipo wina akadzakufunsani pageti kuti ndinu ndani, mwana wanu ali pomwepo, musadzaseke ngati ine. Mudzanene mokweza kuti ndinu mayi ake, mwanayo amve.