Dzanja Lamanja la Che Adamu

Che Adamu anali telala ku Mchesi, pakhonde la golosale, kuyambira ali mnyamata. Sitiroko itawagwira, dzanja lamanja linauma. Ana awo anawabweretsa kuno ku Kawale, m'nyumba yosungira okalamba momwe inenso ndikukhala. Bedi lawo linayandikana ndi langa.

Kuno munthu akangofika amamuyeza. Mwini nyumba, a Goodwin, amamupinda manja ndi miyendo, n'kuneneratu nthawi ya mafizo imene idzafunike mwezi umenewo. Achibale amalipira potengera zomwezo. Atagwira dzanja la Che Adamu, anapukusa mutu.

"Ili lapita, Abambo. Tisavutitse ana. Mayi Jemima a mafizo akuphunzitsani kudya ndi lamanzere, siitenga nthawi."

Che Adamu ndi Msilamu. Anayankha pakamwa pali popotoka: "Lamanzere ndi la kuchimbudzi."

Anayesa kuwadyetsa ndi supuni, iwo anatembenukira kukhoma. Mbale zinkabwerera zodzaza. Ankangomwa phala, kapu atayipana ndi mikono. Thalauza linayamba kuwakhwepa.

Mwana wawo Shafiq anabwera atakwiya. "Ababa, mufa ndi njala! Ngakhale shehe wanena kuti wodwala amaloledwa."

"Shehe adye ndi lake."

Nthawi imene anawayezera inatha asanagwire mbale ndi lamanzere. Ndiye anayamba kubwera pa nthawi yanga. Mayi Jemima akamandiwongola bondo, iwo ankakoka mpando n'kukhala pambali, dzanja lili pamwendo.

A Goodwin anawapeza. "Abambo, nthawi ino ndi ya anzanuwa."

"Kuyang'ana nako mumalipiritsa?"

A Goodwin anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana bondo langa.

Kuyambira pamenepo Mayi Jemima ankagwira bondo langa, koma pakamwa akunena za zala. "Tambasulani, agogo! Pindani! Chachikulucho chisabisale!" Che Adamu ankatuluka thukuta, akutukwana dzanjalo m'Chiyao.

Mvula itayamba, tsiku lina kadzutsa anali mbatata. Che Adamu anapana kachidutswa pakati pa zala ziwiri za dzanja lamanja, kanagwa. Anatolanso, kanagwera pa chitenje cha Mayi Jemima. Kenako dzanja linakwera mpaka pachifuwa n'kuima. Iwo anaweramitsa mutu, naluma.

A Goodwin anali pakhomo. "Dzanjalo silinafike. Wafika ndi mutu."

Che Adamu anatafuna mosafulumira, nameza.

"Mayi," anatero, "bweretsani ina."