Matenda Amene Ndinkadwala pa Intaneti

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene kachewere wathu anaolera m'munda ku Mlangeni. Ndinali nditayamba kale kulemba tinkhani pa intaneti, za kumudzi basi: maukwati, mikangano ya pamjigo, mbuzi zolowa m'dimba la eni. Anthu ankaseka n'kuyamikira, koma kuyamikira sikugula feteleza. Ndinasiya amayi m'manja mwa mlamu wanga Nangozo, n'kukwera basi.

Ku Joni ndinkaluka tsitsi m'saluni. Kenako eni mashopu anaona kuti tsamba langa lili ndi anthu ambiri, n'kuyamba kundilipira kuti ndiziwatsatsira malonda. Ankafuna ndizilemba ngati zandichitikira ineyo. Lero ndalemba kuti msana unkandizunza mpaka ndinagula matiresi akutiakuti, mawa kuti zilonda za m'mimba zinandigoneka mpaka ndinamwa tiyi wakutiwakuti. Mwiniwakene ndili gwa! Feteleza ankagulidwa, nyumba ya amayi inafoleredwa malata. Tinkhani tanga tija tinayamba kuchepa, ndipo zinkandiwawa, koma lendi ya ku Joni siimva zimenezo.

Pafoni amayi ankangoti, "Usamanyamule zolemera, mwanangu." Ine ndinkayesa ndi mtima wa kholo chabe.

Mpaka pano ndimalembabe zotsatsa, sindinama, koma ndinasiya kudwala m'menemo. Chinandisiyitsa ndi tsiku limene ndinabwerera. Nditatsika basi ndinapeza amayi akundidikira ndi wakabaza, atamangirira pilo pakaliyala ya njinga. Chikwama anandilanda. Mlamu anandikokera pambali.

"Alamu, zonse zimene mumalemba ndimawawerengera amayi. Lachinayi lililonse azimayi a kutchalitchi amakupemphererani. Msana, m'mimba, mutu, zonse."

Titafika kunyumba ndinawafotokozera amayi bwinobwino. Anandizungulira, akundigwiragwira msana ngati akusankha dzungu pamsika.

"Ndiye kuti sukudwala?"

"Ayi amayi, ndi malonda chabe."

Anaseka mpaka misozi. "Iwe mwana, watigwaditsa chaka chonse chifukwa cha matiresi!" Ine manyazi anandigwira, ndipo chisoni chinaposa manyaziwo.

Atapukuta m'maso anandiyang'ana. "Nanga ija unalemba kuti Lamulungu umadya chiimire pawindo, poti kukhala pansi wekhawekha kumakukumbutsa kuno? Imeneyo anakulipira ndani?"

"Palibe, amayi. Imeneyo inali yanga."

"Ndinadziwa," anatero. "Ija sindinapite nayo kwa anzanga. Ndinkaipempherera ndekha."

Anayala mphasa pakhonde, n'kuitana mlamu kuti abweretse mbale. Kenako anandikoka chitenje.

"Khala pansi, mwanangu. Tidye."