Zimene Alamu Sananene Pamaliro

Ndinadzidzimuka kusanache, mwana akufuna bere. Ndinali nditatsamira khoma m'nyumba ya apongozi anga, bokosi la bambo a Tadala lili pakati, amayi a mvano mawu atasasa ndi kuimba. Kunja chiperoni chinali chitayamba, nkhuni zonyowa zikungofuka, adzukulu atanyamula kale makasu kupita kumanda.

Ine maso anali pakhomo, kudikira alamu anga, akulu awo a malemu. Iwowo ndi kapitawo ku esiteti ya tiyi komwe amuna anga ankasonkhezera ng'anjo ya fakitale zaka zisanu ndi ziwiri, koma pa khadi la aganyu. Chaka chilichonse kumabwera galimoto yojambula m'chifuwa. Amalowamo ndi mabwana, makalaliki ndi ena olembedwa ntchito yokhazikika. Amuna anga anaima pamzere kawiri, akutsokomola, kawiri konse anawabweza kuti dzina lawo palibe. Kuchipatala chathu chaching'ono anangowapatsa mankhwala a chifuwa chachikulu, miyezi isanu ndi umodzi, osasintha. Pomwe tinkafika ku Blantyre adokotala anati ndi khansa ya m'mapapo, yafalikira kale, munali kuti nthawi yonseyi?

Namfedwa salankhula pamaliro. Ndiye dzulo lake ndinawagwadira alamu kuti pofotokoza mbiri ya malemu akanene zimenezi, anthu amve. Anati, "Mlamu, ameneyu ndi mng'ono wanga. Ndikanena zonse."

Dzuwa silinatuluke tsiku lonse, koma anthu anabwera ndithu, a ku Chonde, a ku Thuchila pa njinga, amayi othyola tiyi atafunda mapepala a pulasitiki. Cha m'ma teni inafika galimoto ya esiteti, munatsika bwana wa jekete lakuda. Anamupukutira mpando, nkumukhazika kutsogolo.

Alamu anaimirira. Ndinamuchotsa mwana kubere kuti ndimve bwino. Anatchula chaka chobadwa, sukulu, ukwati wathu. Kenako anacheukira kumpando kuja, nkuti malemu anadwala chifuwa, madokotala anayesetsa, chinali chifuniro cha Mulungu. Anati akubanja tikuthokoza kampani chifukwa cha bokosi ndi matumba awiri a ufa. Basi, anakhala pansi. Bwana uja naye anati kampani imayeza antchito ake chaka ndi chaka, vuto anthu amachedwa kupita kuchipatala. Mayi wina kumbuyo kwanga anang'ung'udza, "Iii, bodza pamaliro eti?" Mnzake anamutsina.

Ndinafuna kukuwa. Apongozi anandifinya dzanja mpaka kuwawa, misozi ili mbwembwembwe, nkupukusa mutu.

Kumanda kunali matope okhaokha, onyamula bokosi ankaterereka. Ndinaika nkhata yanga. Alamu anaika yawo osandiyang'ana.

Madzulo anthu atabalalika, nyumba ili zii, mphasa zitapindidwa, alamu anaodira pakhomo koma sanalowe.

"Mlamu, ndili ndi ana asanu. Nyumba ndikukhalayo ndi ya kampani."

Anapitiriza ali chiimire pakhomo pomwepo.

"Abwana akuti zamalirozi zikatha mubwere, akakulembani yothyola tiyi. Mongoyambira, ndi ganyu."

Tadala anali atagona pamiyendo panga, ndikumva kupuma kwake. Kwathu chimanga chinatha ndi matendawa, munda sitinalime. Ndinangomva pakamwa panga pakuti, "Zikomo alamu."

Anachoka msangamsanga, ine ndinatsala pomwepo ndi mwana wanga.